Chikole Chotsegulidwa ndi Mpeni

Ine chikole changa chinali mpango wa kumutu. Unang'ambika, ndinapukutira mbale, ukwati nawo unatha, palibe amene anafa. Koma mwana wanga Tamanda, pa zinthu zonse zimene mnyamata angapereke kwa mkazi amene akumufuna, anasankha kulanda chimene chimasunga moyo wa mwiniwake.

Mnyamatayo ndi Kingstone wa kwa Milonde. Amagwira ntchito padoko la Nacala, ku Mozambiki. Amabereka botolo la mpweya n'kubira pansi pa nyanja, kukayang'ana kumimba kwa sitima ndi maunyolo ake. Mwana wobadwira pakati pa minda ya tiyi kukasanduka nsomba, koma ine sanandifunse. Atabwera patchuthi kuti nkhani za chinkhoswe ziyambike, anapeza Tamanda atafufuma ngati mandasi chifukwa cha Stella. Stella ameneyu ndi chibwenzi chake chakale cha kwawo komweko, amapikula zitenje ku Villa, kutsidya kwa malire. Sabata imeneyo anali atafukula zithunzi zakale za awiriwo n'kumazipachika pa sitetasi ya WhatsApp.

Tamanda ndi Kingstone anakhala pakhonde lathu pano pa Chinakanaka. Ine ndinali m'nyumba kutong'ola nandolo, chitseko chili chotsegula pang'ono. Mpongozi sakhala mphasa imodzi ndi mkamwini, koma makutu alibe mwambo.

"Ngati ndilipo ndekha, ndipatse icho," anatero Tamanda, akuloza pamkono pa mnyamatayo.

"Ichi? Tenga foni. Tenga jekete. Mawa tipite pa Limbuli ndikakugulire mphete."

"Mphete Stella ali nayo kale, ndaiona pa sitetasi."

"Ya chaka chiti chimenecho?"

"Ine sindiwerenga zaka. Vula."

Ndinatsokomola m'nyumbamo kuti mwana amve. Sanamve.

Kingstone anavula. Chinthu chakuda, chachikulu ngati chivundikiro cha botolo la uchi, cha lamba wa mphira. Anatulutsanso kabokosi kake m'chikwama, kokhala ndi siponji mkati.

"Tamva, Tamanda. Iyi si wotchi, ndi kompyuta. Ndikakhala pansi pamadzi, ndi imene imandiuza kuti ndafika pati, ndakhalitsa bwanji, ndipo pokwera ndiime pati. Munthu ukavuuka mothamanga, magazi amachita thovu ngati fanta yogwedeza. Mnzanga Hussein lero amayendera ndodo ziwiri."

"Ndiye ndizichita kuibereka?"

"Izikhala m'kabokosi kake. Padzuwa ayi. Ku saluni kwanu kuja usapite nayo, zopopera tsitsi zija zimadya pulasitiki. Ikada, madzi a pampopi okha ndi kansalu kofewa. Sopo ayi, mafuta odzola ayi. Ine ndikatuluka m'nyanja, ndisanasambe ndekha ndimayamba ndaviika iyi, kuopa mchere. Koma chachikulu, kumbuyoku asatsegule munthu. Muli kamphira kopyapyala kozungulira, ndi kamene kamatseka madzi. Batire amasintha ku Nacala konko, kuli makina oyesera."

"Malamulo kuposa a mwana wakhanda!"

"Mwana wakhanda akavulala amalira. Iyi silira. Pamtunda imayaka bwinobwino, imakakufera uli pansi."

Tamanda anaseka, n'kuika kabokosiko pamiyendo ngati wapambana mpikisano. Ine nandolo ndinamuphwanya m'manja osadziwa.

* * *

Mwambo umati chikole chionetsedwe kwa malume. Malume ake a Tamanda ndi achimwene anga a Bonface, kapitawo wopuma wa ku esiteti, mwini mbumba, nkhoswe yathu. Kingstone samufuna. Ali ndi kalaliki wawo wa ku esiteti amene amawagulira mowa, ndipo kalekale anam'lonjeza Tamanda ngati akulonjeza mwana wa mbuzi.

Anabwera m'mawa mwake, anakhala pampando, Tamanda anagwada n'kupereka kabokosi. Atatsegula, maso awo anawala ngati a galu pa butchala.

"Chikole chimagona kwa malume mpaka akuchimuna abwere," anatero.

"Mwambo umenewo wayamba liti, achimwene? Changa chija munangochiona n'kundibwezera pomwepo."

"Chako unali mpango. Ndikanauvala pati?"

Anali atayamba kale kumanga lamba pamkono.

"Malume, anati chisachoke m'bokosi," anatero Tamanda.

"Anati? Mkamwini wayamba kulamula asanalowe n'komwe m'mudzi? Ine ndayang'anira anthu mazana m'munda wa tiyi, ndilephere kuyang'anira wotchi? Bokosi sungani, muziikamo singano."

Ndinawauza za dzuwa, ndinawauza za mafuta, ndinawauza za kamphira. Anandiyang'ana mmene amayang'anira wailesi ikamanena za nyengo, n'kukwera njinga yawo.

* * *

Sabata imeneyo chikole chinayenda kuposa nduna. Chiperoni chinagwa, anthu tonse m'majuzi, koma a Bonface mkono umodzi wa malaya utapindidwa mpaka pachigongono. Chinakaseweredwa nacho bawo. Chinakafika pamaliro. Dzuwa litabwerera, alamu anga anandiuza okha kuti achimwene akamasamba amachiika pamwamba pa malata a bafa, ndipo akamaliza kudzola amachipukutirako mafuta otsala m'manja kuti chiziwala.

Ndinapita kawiri kunyumba kwawo. Ulendo woyamba anati ali ku msonkhano wa mpingo. Wachiwiri anatulukira kuseri, ndinangoona msana.

Tsiku la msika wa pa Nkando ndinadzera ku saluni kumene Tamanda amaluka, ndinamupeza ali pakona, foni ili m'manja. Anandipatsa. Chinali chithunzi: mkono wa achimwene anga uli m'dengu la usipa mpaka pamfundo, chikole chili mamba okhaokha. Pansi pake Stella anali atalemba:

"Asisi, chikole chanu ndakumana nacho pa Nkando chikusankha ndiwo. Ine nthawi yanga chinkagona m'bokosi mwake, ngakhale fumbi silinkachidziwa. Zinthu za amuna zimafuna odziwa. Ndimutumizire mwiniwake kapena mumuuza nokha?"

Ndisanabweze foni, inalira. Uthenga wa Kingstone.

"Wokondedwa, mwana wathu uja ali bwanji?"

Tamanda anailanda n'kulemba msangamsanga ine ndikuona: "Ali m'bokosi mwake, akugona. Ndakusowa."

"Wanama," ndinatero.

"Ndiye ndimuuze chiyani, amayi? Kuti malume akusankhira usipa? Kuti Stella ananena zoona?"

"Umuuze kuti abwere adzatenge chinthu chake."

"Akatenga ndiye kuti chikole chabwezedwa. Mudzi wonse wa Milonde umva kuti ndalephera kusunga kanthu sabata imodzi."

"Sabata imodzi imeneyo wachisunga ndiwe?"

Mayi wina amene ankalukidwa anatembenuka mutu uli theka, kufuna kumva bwino. Ndinatuluka. Ndili ndi nthenda yothamanga magazi, sindingamaithere pa anthu amene akuopa sitetasi kuposa maliro.

* * *

Kingstone amayenera kubwerera kuntchito Lolemba, ndiye anati Loweruka abwera kudzabwereka chikole chake, kuti akadzabweranso adzabweretse china chosavuta. Madzulo a Lachisanu a Bonface anabwera nacho okha, zimene zinandidabwitsa. Anachiponya patebulo ngati makiyi.

"Nayo wotchi yanu. Adzandithokoza."

Sindinafunse kuti adzawathokoza chifukwa chiyani. Ndinali ndi zovala pachingwe, mvula ikubwera.

Tamanda anachitsuka ndi madzi a pampopi, anachipukuta ndi kansalu, anakhala nacho kuchipinda nthawi yaitali. Loweruka masana anakumana ndi Kingstone pansi pa mtengo wa mapeyala pamsewu. Ine ndinaima patali ndi ndowa, monga mwa ulemu. Ndinaona Kingstone akutsegula kabokosi, akudina batani, chinthu chikuyaka. Anachitembenuza n'kuseka.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Kamtima," anatero Tamanda. "Kuti ukakhala pansi pamadzi uzindikumbuka. Usakamatule."

Kanali kasitika kofiira, kaja amamata atsikana pazikhadabo ku saluni, koma kokulirapo. Anali atakamata kumbuyo, pachivundikiro penipeni.

"Sindimata kanthu pa chimenechi, koma aka ndikasiya," anatero Kingstone. Maso ake sanali pa kompyuta ayi. Mwamuna akakonda, ngakhale mutam'patsa njerwa m'bokosi amati zikomo.

* * *

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, ndinapeza a Bonface pansi pa mtengo akusimbira anzawo, mkono wa malaya utatsitsidwa tsopano.

"Chemwali, tabwera! Ndikuwauza awa za mkamwini wako. Amati ndi wa ndalama, koma wotchi yake inali yakufa. Ukangoisiya pang'ono, thii, yazima. Ndizichita kudina kuti ndione nthawi? Ndinapita nayo kwa wokonza mawotchi uja wa pa Nkando, pafupi ndi ogulitsa matayala a njinga. Anaika batire latsopano. Ndalama yanga, osabweza."

Ndinasendera pafupi.

"Anatsegula?"

"Nanga batire amalowetsera pakamwa? Chinali cholimba zedi, koma mnyamata uja ndi katswiri. Anachikanula ndi kampeni, phwa!"

"Kamphira kaja?"

"Kati? Oo, kauve kakuda kaja? Kanaduka potsegula. Anakataya. Anapakamo guluu pang'ono, chagwira kuposa kale. Koma kuzimazima sikunasiye, ndiye ndinati atenge chinthu chawo, n'chachabechabe."

Anzawo anagwedeza mitu kuvomereza. Amuna akuluakulu, a majekete, Mabaibulo m'khwapa.

Ndinawakokera pambali. "Achimwene, chinthu chija chimazima dala, chimasunga moto. Chinalibe vuto. Tsopano chilowa madzi mwana wa eni ali pansi pa nyanja. Inu ndinu nkhoswe. Ine sindingalankhule ndi mkamwini, njira yake ndi inu. Tumizani mawu kwa Milonde lero lomwe."

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti ine Bonface ndawononga? Pamaso pa akuchimuna? Chinkhoswe chisanachitike ayambe kundiloza chala?"

"Munthu afa, achimwene."

"Aaa, iwe. Ife tinkabira mu Ruo tili ana, wotchi inali kuti? Ndipo akaona kuti zamuvuta asiye, anyamata ofuna Tamanda sanathe."

Ndinawayang'ana. Munthu ameneyu tinayamwa bere limodzi. Ndinalavula pambali, pabwalo la tchalitchi pomwepo, ndipo sindinapepese.

* * *

Tamanda ndinamupeza akusita diresi, akuimba.

"Pansi pa kamtima kaja pali chiyani?"

Nyimbo inathera pakhosi.

"Ndakufunsa."

"Panali tizokandika, amayi. Ting'onoting'ono."

"Ta mpeni."

"Sindinadziwe kuti ndi mpeni. Ndinaganiza kuti mwina malume anagwa nacho panjinga."

"Ndi guluu wotuluka m'mbali uja unaganiza kuti ndi thukuta la malume ako?"

Anakhala pansi, simbi ili chiimire pa diresi. Ndinaichotsa ndine.

"Chimayaka, amayi. Ndinadina kambirimbiri, chimayaka."

"Iwe unali pakhonde, ine ndinali m'nyumba. Amene anamva ndani? Anati pamtunda chimayaka."

"Ndikamuuza andisiya. Ndinamunamiza kuti chili m'bokosi. Ndinamata ndi kamtima. Stella adzavina mpaka ku Villa."

"Akusiye. Bola akusiye akuyenda ndi miyendo yake. Ukufuna chinkhoswe ndi munthu wa ndodo ziwiri, kapena ndi chithunzi cha pamaliro? Imba."

Anaimba. Nambala siikupezeka. Anaimbanso. Analemba pa WhatsApp, uthenga unangokhala osafika. Ndinam'lamula kulemba zonse, za mpeni, za guluu, za bodza lake. Analemba akulira, mamina akugwera pafoni. Osafika.

"Tenga chitenje. Tikupita kwa Milonde."

"Amayi! Inu kupita kwa akuchimuna opanda nkhoswe? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati zimene amanena kale. Tseka chitseko."

* * *

Minibasi inatitula, tinakwera kabaza, fumbi mpaka m'mano. Kwa Milonde tinafika dzuwa litapendeka. Amake Kingstone, mai Sabina, anali pakhonde akusenda chinangwa. Atatizindikira mpeni unaima m'manja. Mayi wa mkazi kubwera yekha kuchimuna, popanda kutumiza mawu, ndi zinthu zimene amaziona pakagwa zovuta zokha.

Anatiyalira mphasa. Moni sindinamutalikitse.

"Pepani, mayi, tabwera mosayenera. Tikufuna Kingstone, n'zamwadzidzidzi."

"Kingstone? Wapita m'mamawa. Anamuimbira dzulo madzulo kuti sitima ina yafika msanga, akangofika alowa m'madzi. Pano ndiye malire a pa Muloza anawoloka kalekale."

Tamanda anagwira mkono wanga.

"Foni yake siikugwira," ndinatero.

"Ya kuno imathera pamalire. Intaneti amakaipeza kogona kwawo, koma akuti ulendo uno angofikira kuboti. Ali ndi kafoni kena ka nambala ya uko, anasintha mwezi watha. Ife sitinaisunge, maso anathawa. Tikafuna kumulankhula amatiimbira ndi mwana uyu." Anatembenukira kukhomo. "Stella! Tabwera, kuli alendo."

Anatuluka m'nyumba mwa eni ake, manja ali onyowa, atamanga chitenje chatsopano, ngati mtengwa wa pakhomopo. Anagwada mwaulemu wonse.

"Mwaswera bwanji, amayi? Asisi, mwatiyendera?"

"Tikufuna nambala ya Kingstone," anatero Tamanda, maso ali pansi.

"Iii, mulibe? Inu eniake?" Anaphimba pakamwa. "Komatu nambala ya munthu sindigawa popanda chilolezo chake. Nenani uthenga, ndimuimbira ine."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene ndine, koma Tamanda ananditsogolera. Anasuntha pamphasa, n'kugwada kutsogolo kwa mai Sabina. Ananena zonse. Kuti chikole analanda ndi iye chifukwa cha nsanje. Kuti malume ake anachivala sabata yonse n'kukachitsegulitsa ndi mpeni pa Nkando. Kuti kamphira kotseka madzi kanatayidwa. Kuti iye anaona zokandika n'kumatapo kamtima. Sanabise kanthu, sanadzikometse. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ndinamuona ngati mwana wanga.

Chinangwa chinagwa m'manja mwa mai Sabina n'kugubudukira m'fumbi.

"Imba, mwanawe," anauza Stella. "Imba msanga. Asalowe nacho m'madzi."

"Pano netiweki ya uko sigwira, amayi. Mpaka pachulu paja."

Anapita pachulu, kuseri kwa nthochi, akuyenda ngati palibe chothamangira. Tinkamuona msana wokha. Foni inagwira. Analankhula Chipwitikizi, mothamanga, motsitsa mawu. Kenako anaseka. Anasekanso, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Liwu limodzi lokha ndi limene mphepo inandibweretsera, lakuti "amor", liwu la chikondi, ndipo limenelo ngakhale mbuzi za m'malire zimalidziwa.

Anabwera akulowetsa foni m'kamisolo.

"Ndamuuza. Ali mu basi, adutsa Mocuba. Akuti moni nonse."

"Ndipatse ndimulankhule ndekha," anatero mai Sabina.

"Mayunitsi a uko andithera pomwepo, amayi. Ogulitsa lero satsegula. Koma musade nkhawa, wamva."

"Wamva chiyani?" ndinafunsa. "Wayankha kuti chiyani za kompyutayo?"

"Ndanena kale, amayi. Akuti moni."

"Tipatse nambalayo, tikaimbe tokha pa Limbuli."

"Mayi," anadula mai Sabina, mawu ali ouma ngati chikuni. "Stella ndamuona akukula pakhomo pano, sananamizepo munthu. Wonama tamumva ndi pakamwa pake. Akuti wamuuza, ndiye wamuuza. Ndipo mukafika muwauze ankhoswe anu asavutike kukonzekera. Athu sabwera."

Anakoka mphasa ife tisanaimirire bwino.

Tinatuluka mpaka pamsewu. Tamanda ankalira mopanda mawu. Ine misozi ndinalibe, ndinali ndi mutu wokha ukuwawa. Ndabereka, ndakwatiwapo, amuna ndimawadziwa. Munthu amene wangouzidwa kuti chinthu chosunga moyo wake achitsegula ndi mpeni sapereka moni. Amatukwana.

Wakabaza amene anatibweretsa anali akadali pansi pa mtengo wa mango.

"Tibwerere, amayi?"

Ndinamanga chitenje mwamphamvu.

"Ayi. Pa Muloza amatseka nthawi yanji?"

"Amayi," anatero Tamanda, "tilibe mapepala. Simudziwa ngakhale liwu limodzi la Chipwitikizi."

"Ndadziwa limodzi lero. Kwera."